Dzenje lakula pamsewu, kukhonsolo amangoti "tamva": nditani?

Funso: Pamsewu umene ndimadutsa popita kuntchito pali dzenje pafupi ndi mphambano. Linayamba ngati kambale, pano lakula moti magalimoto amalizemba n'kulowa mbali ya anzawo. Mvula ikagwa limadzaza madzi, osaonekanso. Sabata yatha wanjinga yamoto anagwerapo n'kuthyoka mkono, ine ndaphulitsirapo tayala. Ndaimba foni kukhonsolo kawiri, amangoti "tamva, tiwauza", koma zii. Ndikulakwitsa pati? Kapena tingogwirizana anthu a m'derali tithirepo dothi? Nanga tayala langa angandilipire? *(Mayi wina wowerenga)*

Yankho: Mayi, mawu akuti "tamva, tiwauza" ndinawayankhulapo inenso zaka zimene ndinkagwira ntchito yokonza misewu ya mumzinda, choncho ndikudziwa kumene amathera. Woyankha foni amalemba pakapepala kuti "dzenje, pafupi ndi mphambano", kapepalako n'kukapanikiza kunsi kwa foni. Madzulo kakapezeka, kapitawo wa gulu lokonza amafunsa kuti, "Mphambano yake iti? Msewu umenewu uli ndi mphambano zisanu." Onse amangoyang'anana. Nambala ya woimba uja sinalembedwe. Kapepala kaja ulendo wake wathera pomwepo. Mphwayi ziliko m'maofesi, sindikukana, koma madandaulo ambiri amene ndinawaona akufa anafa chifukwa anafika opanda miyendo.

Muganizire mmene tsiku limayambira kwa injiniya woyang'anira misewu. Iye alibe dzenje limodzi. Mvula ikatha amakhala ndi maenje mazanamazana, lole imodzi kapena ziwiri, ndi phula losakwanira. Ntchito yake m'mawa uliwonse ndi kusankha: ili lero, ili mwezi uno, ili lidikire mpaka msewu wonse udzakonzedwe. Dandaulo lanu likulimbirana malo ndi a anthu ena. Limene limadumpha mzere ndi lomwe lamupatsa injiniyayo zonse zofunika kuti alembe "lero" asanadzuke n'komwe pampando. Kukalipa pafoni kumangomupweteketsa mutu kalaliki yemwe sanagwirepo fosholo.

Posankhapo amayang'ana kuya kwa dzenje, kutambalala kwake, pamene lili mumsewu, liwiro la magalimoto odutsapo ndi kuchuluka kwawo, komanso mtundu wa anthu ogwiritsa ntchito malowo. Makhonsolo ambiri a ku Britain akhala akugwiritsa ntchito mamilimita 40, kutanthauza masentimita 4, ngati kuya kumene dzenje la pamsewu limayambira kuwerengedwa kuti lifunika kukonza. Pamsewu wa oyenda pansi muyezo wake umakhala pafupifupi theka la pamenepo, chifukwa kuti gogo apunthwe sipafunika chidzenje. Loopsa kwambiri amati litchingidwe kapena kutsekedwa m'maola awiri kapena pasanathe tsiku, laling'ono amalipatsa masiku ngati 28. Kuchokera mu 2016 malangizo a kumeneko amalimbikitsa kuti asamangodalira tepi yoyezera, aziona ngozi yeniyeni imene dzenjelo lingabweretse. Mizinda ina ili ndi manambala ake, ina ilibe cholembedwa chilichonse, koma mutu wa injiniya umayenda chimodzimodzi kulikonse. Dzenje la masentimita 5 pakona, pamene njinga zimadutsa, limaposa la masentimita 10 pamalo oimika magalimoto.

Lanulo, mmene mwalifotokozera, lili ndi zonse zoliika pamwamba pa mndandanda. Lili pafupi ndi mphambano. Likukankhira magalimoto mbali ya anzawo. Limabisala m'madzi. Lavulaza kale munthu. Funso langa ndi lakuti, zinthu zinayizi munazinena pafoni paja, kapena munangoti "pali dzenje lalikulu"? Aliyense woimba foni amati lake ndi lalikulu.

Musanalembe chilichonse, dziwani kaye mwini msewu. Apa ndi pamene anthu ambiri amagogoda khomo lolakwika. Mumzinda umodzi womwewo misewu imakhala ndi eni ake osiyana. Ing'onoing'ono ya m'madera okhala anthu kawirikawiri ndi ya khonsolo. Msewu waukulu wochokera kutali, wongodutsa mumzindamo, nthawi zambiri ndi wa bungwe la boma loyang'anira misewu ikuluikulu, ngakhale utadutsa pakhomo penipeni pa ofesi ya khonsolo. Ina ndi ya eni nyumba kapena makampani amene anaimanga okha. Ndiye funso loyamba pafoni likhale lakuti, "Kodi msewu wakutiwakuti ndi wanu? Ngati si wanu, ndi wa ndani?" Akale anati safunsa anadya phula. Iwo ankanena phula la njuchi, koma ndi la pamsewu lomwe mwambiwu umagwira.

Dzenjelo lokha likhoza kukuuzani mwini wake mukaliyang'anitsitsa. Ngati lili pamzere wowongoka wa chigamba chodula msewu, pamenepo panakumbidwa poika paipi kapena nthambo, ndipo amene anakumbawo sanatsendere bwino dothi pokwirira. M'mizinda yambiri wokumba ndiye amayenera kubwezeretsa msewu. Ngati pamakhala ponyowa ngakhale m'chilimwe, pansipo paipi ikudontha, ndipo khonsolo ikhoza kuthira phula kakhumi koma lidzangotitimira. Auzeninso a madzi tsiku lomwelo. Ngati msewuwo ndi watsopano, mwina ukadali m'manja mwa kontilakitala, chifukwa mapangano ambiri omanga misewu amamupatsa udindo wokonza zowonongeka kwa miyezi 12 atamaliza ntchito. Ndipo pali mtundu umodzi umene suyenera kudikira kalata: kabowo kakang'ono kamene mukasuzumira mukuona mphako pansi, kapena msewu ukutitimira mozungulira chivundikiro cha ngalande. Pamenepo madzi akokolola dothi kunsi, phula langotsala ngati chikhokho. Imbani kupolisi kapena nambala ya zangozi nthawi yomweyo kuti atseke malowo.

Tsopano dandaulo lenilenilo. Lilembeni. Kalata, imelo, fomu ya pa intaneti, uthenga wa pa WhatsApp ngati ofesiyo ili ndi nambala yovomerezeka, chilichonse chosiya phazi. Mizinda ina inafewetsa zimenezi kalekale: Baltimore ku America inayambitsa nambala ya 311 mu 1996 yoimbira nkhani zosakhala zadzidzidzi, mizinda yambiri n'kutengera, ndipo ku Britain kuli tsamba la pa intaneti la FixMyStreet limene bungwe la mySociety linatsegula mu 2007, pomwe munthu amangoloza pamapu, dandaulo n'kupita lokha kukhonsolo yoyenera. Kumene kulibe zotere, kalata yopita nayo pamanja imagwira ntchito yomweyo. Mukhale ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku n'kubwerera nayo kunyumba.

Malo muwafotokoze ngati mukulondolera mlendo usiku. Dzina la msewu, mbali iti polowera kuti, mtunda kuchokera pachizindikiro chosasuntha monga mphambano, mlatho kapena polo ya magetsi (mapolo ambiri amakhala ndi nambala, ilembeni). Ngati foni yanu ili ndi mapu, imani pambali pa dzenjelo, dinani malo pa Google Maps n'kukopera manambala ake. Kenako yezani. Gonekani ndodo yowongoka kapena thabwa modutsa pakamwa pa dzenje, tsitsani rula kapena kamtengo pakati mpaka kagunde pansi, muyeze kuchokera pansi kufika pandodo ija. Kuya kwake ndi kumeneko. Anthu amayeza m'mphepete, pamene ndi posaya, n'kudzichepetsera okha mlandu.

Zithunzi zitatu n'zokwanira. Chimodzi chapatali choonetsa msewu ndi chizindikiro chija, kuti woona anene kuti "aa, ndi pajapa". China chapafupi muli chinthu chodziwika kukula kwake, botolo kapena nsapato, chifukwa dzenje lojambulidwa lokha silidziwika ngati ndi la kambale kapena la beseni. Chachitatu, chomwe ine ndinkachiwerengera kuposa zinazo, ndi cha galimoto ikuzemba dzenjelo, matayala ali kutsidya kwa mzere wa pakati. Chithunzi chimenechi chimayankhula za ngozi yoombana maso ndi maso, ndipo palibe bwana amene amafuna kuti chidzapezeke m'faelo yake ngozi itachitika kale.

Koma Mayi, musafere chithunzi. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, ndipo woyendetsa amene akuyandikira dzenje maso ake ali padzenjepo, sali pa inu. Pitani m'mawa kwambiri kapena tsiku lopuma, mukhale awiri, mmodzi aziyang'ana magalimoto. Ngati ndi msewu wa liwiro, jambulani muli m'mbali, kuyezako kusiyeni.

Kalata yake sifunika kutalika. Ikhoza kumveka chonchi:

"Ndikudziwitsa ofesi yanu za dzenje loopsa pamsewu wakutiwakuti, mamita pafupifupi 30 musanafike pamphambano yakutiyakuti, mbali yolowera m'tauni, moyang'anizana ndi polo ya magetsi nambala yakuti. Ndi lakuya masentimita 12, kutambalala 80, ndipo m'mphepete mwake ndi mwakuthwa. Magalimoto akulizemba polowa mbali ya anzawo. Mvula ikagwa limadzaza madzi chifukwa ngalande ya pafupi yatsekeka. Pa tsiku lakuti wanjinga yamoto anagwerapo n'kuthyoka mkono. Ndinaimba foni pa masiku akutiakuti. Ndikupempha kuti malowa atchingidwe lero, mundipatse nambala ya dandauloli, ndipo mundiuze tsiku limene mudzalikonze."

Manambalawo ndangopereka chitsanzo, muikemo anu. Onani kuti mulibe chipongwe, mulibe za misonkho imene mumalipira, mulibe za chisankho. Onaninso kuti mwapempha zinthu ziwiri zosiyana, kutchinga ndi kukonza. Ofesi ikhoza kunena zoona kuti phula latha, koma singanene kuti ilibe makoni awiri kapena mgolo wopaka utoto wowala. Mukawapatsa chinthu chimene angathe kuchita lero, mwawalowetsa kale m'nkhaniyo, ndipo dzenje lokhala ndi makoni a khonsolo ndi dzenje limene khonsolo yavomereza kuti ikulidziwa.

M'kalatamo ndatchula ngalande dala, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa anthu amadandaula za dzenje n'kusiya mayi wake wa dzenjelo. Phula limene mumaliona pamwamba ndi lopyapyala, m'misewu yambiri ya m'mizinda ndi masentimita owerengeka chabe, kwina silifika n'komwe masentimita awiri. Ntchito yake yaikulu ndi ya denga. Chimene chimasenza katundu ndi miyala yophwanya yotsenderedwa pansi pake, ndi dothi la kunsi kwa miyalayo. John Loudon McAdam wa ku Scotland, amene anasintha kamangidwe ka misewu zaka 200 zapitazo, mfundo yake inali yomweyi: dothi la pamalopo ndi limene limanyamula magalimoto, ndipo limatha kutero likakhala louma. Phula likakalamba ndi dzuwa limauma n'kuyamba ming'alu. Madzi amalowa m'ming'alumo. Tayala likaponda, madziwo amafinyika n'kutuluka ndi dothi losalala la pakati pa miyala, likadutsa, amayamwidwanso. Zikachitika kambirimbiri miyala imakhala gwedegwede, phula limang'ambika timabokositimabokosi ngati msana wa ng'ona, tsiku lina tayala la lole limazula kachidutswa kamodzi, basi dzenje labadwa. Kuchokera apo limakula msanga, chifukwa tsopano lasanduka mbale yosungira madzi ndipo tayala lililonse limabenthula m'mphepete. Kumayiko ozizira madzi a m'ming'alu amaundana, ndipo poundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100, n'kumakankha phula kuchokera pansi. Dizilo wotayikira pamsewu nayenso amasungunula phula, n'chifukwa chake pamalo oima mabasi ndi pokwera zitunda pamakumbika kawirikawiri.

Za kulemera kwa magalimoto, pali kafukufuku wotchuka amene anachitika ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America kuyambira 1958 mpaka 1960, pomwe malole ankazungulira usana ndi usiku pamisewu yoyeserera. Anapeza kuti mukawirikiza kawiri katundu wa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto), kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndi masamu amenewa, ekiselo ya matani 8 imawononga ngati maulendo 10,000 a ekiselo yopepuka kakhumi, yonga ya galimoto yanu. Ndiye ngati malole olemera ayamba kudutsira msewu wanuwo pothawa wina, lembaninso zimenezo. Zimamuuza injiniya kuti kachigamba wamba sikakhalitsa pamenepo.

Mwafunsa zothira dothi. Ndikumvetsa, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ndikuuzeni chimene chinandichitikira. Tsiku lina ndinatumidwa kukaona dzenje limene anthu anadandaula. Ndinafika masana, dzuwa lili phwee, ndinayenda msewu wonse osaliona. Pamene panali dzenje panali dothi lofiira losalala bwinobwino, lotsenderedwa ndi matayala, anthu a m'deralo atathira dzulo lake. Ndinali ndi malo ena khumi oti ndiwaone tsikulo, ndipo ndinalemba kuti "palibe choopsa", dandaulo n'kutsekedwa. Mvula inagwa masiku atatu otsatira. Dothi lija linasanduka phala, matayala analimwaza msewu wonse, dzenje linabwerera lokulirapo, ndipo matope aja anakathera m'ngalande yomwe inali yotsekeka kale. M'mabuku a ofesi malowo anali "okonzedwa". Kulakwa kunali kwanga, sindinafunse anthu. Koma dothilo ndi limene linandiphimba m'maso.

Dothi, makamaka la makande, limasunga madzi pamalo penipeni pamene tikufuna paume. Zidutswa za njerwa zimanyenyeka, zina zimathamangitsidwa ndi matayala n'kukaswa magalasi kapena kumenya oyenda pansi. Simenti imaoneka yanzeru, koma ndi youma gwa pakati pa phula lomwe limapindika pang'ono likapondedwa, choncho m'mbali mwake mumasweka, mwala wa simenti n'kutsala uli njo pakati pa dzenje latsopano. Palinso za malamulo: m'mizinda yambiri kugwira ntchito pamsewu popanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo wina akavulala pachigamba chanu mlandu ukhoza kukutembenukirani. Chimodzimodzinso kuika chimwala kapena chitsa m'dzenje monga chenjezo. Masana chimathandiza, usiku chimapha wanjinga yamoto amene dzenjelo likanangomugwetsa.

Sindikunena kuti mungopinda manja pamene ofesi yakhala chete miyezi. Ngati zafika poti simungachitire mwina, jambulani ndi kuyeza kaye, lembani kuofesi kuti mwathira mongoyembekezera ndipo dandaulo lisatsekedwe, gwiritsani ntchito miyala yophwanya yosakaniza ndi fumbi lake m'malo mwa dothi, chotsani madzi ndi matope musanathire, thirani pang'onopang'ono mukutsendera. Koma mphamvu za anthu a m'deralo zingapindule kwambiri mutazipititsa kungalande. Kuchotsa mchenga, masamba ndi mapulasitiki pakamwa pa ngalande kuti madzi asaime pamsewu kumateteza maenje amene sanabadwe, ndipo mumagwira muli m'mbali mwa msewu.

Kalata yapita, nambala mwalandira. Lembani tsiku ndi dzina la amene walandira. Afunseni kuti malamulo awo amati dzenje lotere likonzedwe m'masiku angati, chifukwa mukatero muziwakumbutsa lonjezo lawo lomwe. Nthawiyo ikadutsa, lembaninso, mutchule nambala yoyamba ija, muikepo chithunzi chatsopano ndi muyezo watsopano. "Pa 3 linali masentimita 12, lero pa 17 lafika 16" ndi chiganizo chovuta kuchinyalanyaza. Kalata yachiwiriyi ipite kwa mkulu wa za misewu, kope kwa khansala wa dera lanu. Khansala alibe phula, koma amakhala m'misonkhano imene amagawa ndalama, ndipo funso lake limayankhidwa msanga kuposa lanu. Anzanu a m'deralo, oyendetsa mabasi, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi, aliyense alembe lake. Ndinaona kuti madandaulo khumi osiyana amasuntha ofesi kuposa kalata imodzi ya masiginecha khumi, chifukwa m'kaundula kalata imodzi ndi mzere umodzi basi. Apolisi apamsewu nawonso auzeni. Lipoti lawo lakuti malo akuti akuchititsa ngozi limalemera. Zonsezi zikakanika, mayiko ambiri ali ndi ofesi ya Ombudsman yomva madandaulo okhudza maofesi a boma, ndipo chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi makalata aja.

Za Facebook ndi wailesi, maganizo anga ndi akuti zimagwira ntchito, koma zikhale zomalizira. Bwana akachita manyazi amatumiza anyamata mothamanga, amathira phula lozizira m'dzenje momwe muli madzi, lole n'kupondapo kawiri, chithunzi n'kujambulidwa. Pakatha milungu itatu dzenje lija ili. Ndipo gulu limene lathamangira kwa inulo lachotsedwa pamalo ena, mwina oopsa kuposa anu, kumene anthu ake alibe mafoni apamwamba. Mukapita pagulu, pitani ndi masiku ndi manambala a madandaulo anu, kuti nkhani ikhale yakuti "tinawauza pa tsiku lakuti", osangoti "taonani dzenje".

Akabwera, kaimeni chapatali muonerere, chifukwa kukonza kulipo kuwiri. Kwachangu ndi kumene ndangofotokozaku, ndipo nthawi ya mvula nthawi zina palibe njira ina. N'kongogulira masiku, ndipo ofesi yoona mtima imanena choncho. Kukonza kwenikweni amayamba ndi kudula phula mozungulira dzenje, mbali zinayi zowongoka, mpaka afike pamene msewu uli wolimba. Musadabwe kuona dzenje la kambale likusanduka bokosi lalikulu, ming'alu yonse yozungulira iyenera kuchoka. Amakokolola zonyenyeka zonse, kuumitsa, ndipo ngati miyala ya pansi yafewa amaichotsa n'kuika ina. Kenako amapaka phula lamadzimadzi pansi ndi m'mbali kuti chatsopano chigwirane ndi chakale. Phula lotentha losakaniza ndi miyala limachoka kufakitale lili pa madigiri pafupifupi 150, ndipo liyenera kutsenderedwa lisanazizire. Dzenje likakhala lakuya amathira m'magawo, gawo lililonse n'kulitsendera ndi makina. Pomaliza chigamba chimakhala chofanana ndi msewu kapena chotumphuka pang'ono kwambiri, osati cholowa, ndipo m'mphepete amamatamo phula kuti madzi asapeze polowera. Mukaona chigamba chalowa ngati mbale, kapena chayamba kusweka mwezi usanathe, lembaninso pa nambala yakale yomweyo. Ngati anagwira ntchitoyo ndi kontilakitala, ofesi ili ndi mphamvu yomubweza kuti akonzenso ndi ndalama zake, koma imadziwa pokhapokha wina ainong'oneza.

Tsopano tayala lanu. Malamulo a chipukuta misozi amasiyana dziko ndi dziko, choncho za kwanuko mufunse loya kapena ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo, ndipo mufunse msanga chifukwa madandaulo okhudza boma amakhala ndi malire a nthawi. Koma pafupifupi kulikonse mlandu umazungulira pa funso limodzi: kodi mwini msewu ankadziwa, kapena ankayenera kudziwa, n'kulephera kuchitapo kanthu m'nthawi yoyenera? Ku England lamulo la misewu la 1980, gawo 41, limapatsa khonsolo udindo wosamalira msewu, koma gawo 58 limailola kudziteteza ikaonetsa kuti inkayendera msewuwo mokwanira ndi kukonza zimene yapeza. Ku New York anafika pokhwimitsa: kuchokera pa lamulo la 1979, mzindawo suimbidwa mlandu wa dzenje pokhapokha utakhala kuti unadziwitsidwa molemba ngozi isanachitike, n'kupatsidwa masiku 15 oti ukonze. Maloya a kumeneko ataona choncho, mu 1982 anakhazikitsa gulu lomayendera misewu n'kumajambula mapu a malo owonongeka, mapuwo n'kumakawatula kuofesi za mzinda kuti pasadzakhale wonena kuti "sitinkadziwa". Mukuona tsono chifukwa chake ndikukakamira zolemba. Mafoni anu awiri aja, ngati sanalowe m'kaundula, m'khoti ali ngati sanaimbidwe. Komabe yang'anani m'foni mwanu, masiku ndi nthawi imene munaimba zikhoza kukhala zikadalimo, zijambuleni zisanafufutike.

Tayala lophulikalo musataye. Sungani malisiti, pemphani makaniko alembe chimene wapeza ndi chimene akuona kuti chinachititsa, lembani tsiku, nthawi ndi mmene kunja kunalili. Ndikuuzeni mosabisa kuti pa tayala limodzi, nthawi ndi ndalama zothamangira mlandu zikhoza kuposa mtengo wa tayalalo, ndiye yambani ndi kalata yopempha kuti akubwezereni, muone yankho. Ngati muli ndi inshuwalansi yokwanira, afunseni, koma muwerengere ndalama imene mumayenera kulipira nokha asanathandize. Amene ali ndi nkhani yolemera ndi wanjinga yamoto uja. Ngati mungamupeze, muuzeni akatenge lipoti la apolisi ndi kalata ya kuchipatala, alembe mayina a amene anaona, ndipo ngati inu munaimba foni ngozi yake isanachitike, mumupatse masiku amene munaimbawo. Umboni wanuwo kwa iye ndi wamtengo wapatali kuposa kwa inu.

Galimoto yanunso ipimitseni, musangosintha tayala n'kumapita. Yang'anani tayala linalo la mbali yomweyo ngati latupa chotupa m'mbali. Chotupacho chimatanthauza kuti ulusi wa m'kati waduka, ndipo tayala lotere limaphulika osachenjeza. Onani ngati limu lapindika. Ngati chiwongolero chikukokera mbali imodzi, chikunjenjemera, kapena mukumva kugogoda kunsi mukadutsa pokwera, akaone alaimenti ndi mashoko. Ndipo pamene dzenjelo likadalipo, chepetsani liwiro musanafike, koma musapondereze buleki tayala likulowa m'dzenje, chifukwa buleki imakankhira kulemera konse kutsogolo, tayala n'kumenya mphepete ija mwamphamvu. Chithaphwi chilichonse pamsewu umenewo muzichiyesa dzenje.

Mawa m'mawa mukapita ndi ndodo ndi rula, mukatha kuyeza yendani mamita angapo kutsikira kumene madzi amayenera kulowera, mupeze pakamwa pa ngalande. Mukapeza patsekeka ndi mchenga, jambulanipo, chikhale chithunzi chachinayi m'kalata yanu.